Tenti imene sindinagonemo

Zaka zambiri ndinkasenza katundu wa alendo kuchokera pa Likhubula kukwera naye m'phiri. Mwa katundu yenseyo, chimene chinkandikhumbiza chinali tenti. Tikafika pamwamba, ine msana ukuwawa, mlendo ankalowa m'kanyumba kake kansalu, n'kutseka zipi, n'kuyamba kuliza mkonono. Mumtima ndinkangoti Mulungu akalola, tsiku lina nanenso ndidzagonamo, popanda wondidzutsa kuti ndimuwiritsire madzi.

Mlendo wina anandisiyira yake itang'ambika pakona, mkazi wanga n'kuisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Kuikhoma pabwalo sindikanayerekeza, anthu akanati tayambana m'nyumba kapena mutu wandizungulira. Inangokhala pansi pa bedi, kudikira ulendo.

Ulendowo unapezeka chaka chimene apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anayamba kudwaladwala. Iwo anabadwira ku Mozambique, m'mbali mwa nyanja yamchere kupitirira Quelimane, ndipo kuno anabwera pothawa nkhondo. Mlongo wawo anatsala komweko, tsono ankafuna akamuone mphamvu zikadalipo. Mlamu wanga anavomera kutitenga pa kagalimoto kake kokalamba konyamulira nanazi. Ine ndinadziguguda pachifuwa kuti za pogona asade nkhawa, tenti ilipo. Ana nawo tulo sankationa, poti agogo awo anawauza kuti kumeneko njovu ndi njati zimadutsa msewu ngati mbuzi.

Titawoloka malire pa Muloza, galimoto inayamba matenda ake. Tikayenda pang'ono yatentha, titsike, titunge madzi, tiikankhe. Dzuwa linatilowera tisanafike ngakhale pakati. Tinapempha malo pakhomo pa munthu, ine n'kukhoma tenti mwaluso langa lonse, zingwe zili gwa. Ndikukonza zolowa, mkazi wanga anandikokera pambali.

"Bambo a ana, nanga amayi agona pati?"

Miyezi yonseyo ndinkaganiza za zikhomo ndi zingwe, koma osakumbuka kuti mkamwini sagona malo amodzi ndi apongozi ake. Chikwatirire changa sitinadyerepo pamodzi. Tikakumana panjira wina ankapatuka, ndipo mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Ndinapsa mtima, osati ndi iwo, koma ndi mutu wangawu. Apongozi, mkazi wanga ndi ana analowa m'tenti. Mlamu anatenga mpando wakutsogolo, poti galimoto ndi yake. Ine ndinagona kumbuyo, kutsamira tayala, udzudzu ukundichitira phwando.

Za nyama musandifunse. Tinaona anyani, omwewo amene amatibera chimanga kwathu, ndi matumba a makala osawerengeka. Mwana wamng'ono, fumbi lili mbuu kumaso, anatopa n'kusuzumira.

"Agogo, njovu zija zili kuti?"

"Zinathawa nkhondo, mwanawe, ngati ife tomwe. Kaya zinalandiridwa kuti."

Tsiku lotsatira kunali chimodzimodzi, kukankha ndi kutunga madzi, n'kugonanso panjira. M'mamawa mwake ndinatsika m'galimoto thupi lonse likuphwanya, malaya atanyowa ndi mame. Kumapeto kwa munda wa chinangwa kunaima gwape, khutu limodzi lili tcheru. Nthawi yomweyo zipi inalira, apongozi n'kutuluka. Mwambo unkafuna kuti ndipatuke, koma ndikanangosuntha phazi nyamayo ikanathawa.

"Apongozi, musagwedezeke," ananong'ona. "Mwamuona?"

"Ndamuona, mayi."

"Watsala ndi ameneyu basi."

Tinaima choncho, pafupi kuposa kale lonse, mpaka gwape analowa m'tchire. Aka kanali koyamba kuti andiyankhule okha pamaso. Ana atadzuka sanakhulupirire, ankati tikuwanyengerera.

Kunyanja tinafika mochedwa. Mlongo wawo uja anali atamwalira dzinja lapitalo, ndipo uthenga sunatipeze. Anatilozera manda pansi pa mitengo ya kokonati. Apongozi sanalire mokweza, anangokhala pamchenga miyendo atatambalala, kuyang'ana madzi. Ana ankathamangitsa nkhanu, njovu ataziiwala. Ndinkayembekeza kuti kumeneko agona m'nyumba ya abale, ine ndilawe tenti yanga, koma nyumbayo inali kachipinda kamodzi kodzaza ana. Mkazi wamasiye wa mlongo wawoyo ndiye anasamukira m'tenti kuti akambe ndi alamu ake za malemu. Ine ndinabwerera ku tayala langa, ndipo pobwerera kumudzi zinali zomwezo.

Chimanga chisanakhwime, apongozi anagona osadzukanso bwino. Tsiku lina anandiitanitsa. Ndinanjuta pakhomo, kudikira kuti mkazi wanga andiuze zimene akufuna, koma anayankhula okha.

"Apongozi, kanyumba kanu kaja ndinagonamo bwino. Chithawire nkhondo, tulo ngati timeneto ndinali ndisanagonepo."

Ndinangoti zikomo. Ndinamva chisoni, ndi kamanyazi pokumbukira mmene ndinkang'ung'udzira kumbuyo kwa galimoto.

Masiku ano m'phiri sindikweranso, mawondo anatha. Tenti ija zipi inaduka, pansi pake panabooka, mkazi wanga amayanikapo nandolo. Ndinaikhoma komaliza pa maliro a apongoziwo. Mvula inkagwa, amayi anadzaza m'nyumba mpaka pakhonde, ndipo ena ochokera kunyanja kuja analibe pobisala. Ndinakoka zingwe mpaka zili gwa, iwo n'kulowa, n'kutseka zipi. Ine ndinakakhala ndi amuna anzanga pamoto, poti pamaliro mwamuna amagona panja.