Mkhalapakati wa pa Fakitale ya Zovala

Pa fakitale yosoka zovala onse ankamutcha Mkhalapakati. Dzinali linamupeza ali pa makina osokera makolala a malaya. Awiri akakangana, kaya polimbirana mpando wa pawindo, kaya pa ulusi wosowa, mlandu unkathera pa benchi yake nthawi yopuma. Ankamva mbali zonse uku akusenda lalanje, mapeto ake okanganawo n'kudyera limodzi.

Ana ake atakulako, anakalembetsa maphunziro a Loweruka pa koleji, a kasamalidwe ka anthu pa ntchito. Mwamuna wake, dalaivala wa basi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi a ana, anthunso amawaphunzira kusukulu? Nanga ine mwandiyang'anira bwanji zaka zonsezi opanda satifiketi?"

"Inu ndiye munali mayeso ovuta, ndipo ndinakhoza kale," anayankha.

M'kalasi anali wamkulu pa onse. Malamulo a ntchito anamuzunguza mutu, moti phunziro limenelo analephera koyamba. Analira pampando wakumbuyo m'basi ya mwamuna wake, koma Loweruka lotsatira anabwerera. Kumeneko anaphunzira kuti mtima wabwino pawokha sukwanira. Wantchito ayenera kumvedwa asanalangidwe, ndipo ntchito ikasintha ayenera kupatsidwa mpata woiphunzira.

Atamaliza maphunziro anamukweza, n'kupita ku ofesi yoona za antchito. Sipanapite nthawi, kunabwera makina odula nsalu oyendera kompyuta. Bwana wamkulu anamuitana.

"Akuluakulu a m'chipinda chodulira aja apume basi, izi sangazithe. Mukawauze ndinu, poti amakumverani."

Mkhalapakati sanagwetse nkhope. "Bwana, amandimvera chifukwa sindinawanamizepo. Tiwaphunzitse kaye. Zikakanika, ndidzawauza ndekha."

Bwanayo anang'ung'udza, komabe analola kuti ayese mpaka katundu wotsatira atatuluka.

Wovuta anali mkulu wina wotchedwa Sizasi, amene anayamba kudula nsalu pamenepo fakitale isanakhale ndi mpanda. Makinawo sankafuna n'kuwakhudza komwe.

"Mwana wanga, zala izi zinauma kale. Ukufuna achinyamata andiseke?"

"Bambo, ine atsikana a msinkhu wa mwana wanga anandiseka nditafunsa poyatsira kompyuta. Nanga ndinafa?"

Anakonza zoti akuluakuluwo aziphunzira paokha masana, chitseko chili chotseka, iyenso atakhala nawo n'kumalakwitsa limodzi. Ena akataya mtima ankawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Si onse anazitha. Wina anasankha kupuma, ndipo Mkhalapakati anamuperekeza mpaka pageti, misozi ili m'maso. Wina anamusamutsira koyendera zovala zosokedwa. Koma a Sizasi, atangozindikira kuti makinawo sataya nsalu ukawayalira bwino, anazolowerana nawo ngati abale.

Katundu anatuluka pa nthawi yake, ndipo nkhani yopumitsa anthu inazilala. Tsiku lina a Sizasi anagogoda ku ofesi, atavala malaya osita.

"Mayi, akazi anga ali pageti. Mungawalole adzangoona?"

Mkhalapakati anakawatenga yekha mayiwo. Akazi a Sizasiwo anaima pakhomo la chipinda chodulira, manja atapinda, akuonerera mkuluyo akubaya mabatani, mpeni wa makina ukuyenda pa mulu wa nsalu.

Mayi okalamba aja anagwira pakamwa. "Abambo, ndiye mwakhala mukundibisira kuti ndinu injiniya?"

Chipinda chonse chinafa ndi phwete.