Katatu Si Kawiri

Uthenga wondiitana ku intavyu ya unamwino ku Boma unafika mochedwa. Lole yochokera kwathu ku Namwera inali yonyamuka m'mawa mwake, ndipo ine ndinalibe siketi yolowa nayo mu ofesi. Masiku amenewo bondo la mkazi linali mlandu. Pa mlatho wa Shire anyamata a chipani ankatsitsa m'galimoto aliyense wooneka mawondo.

Achemwali anga, amene ankasoka pakhonde, anayala nsalu pamphasa n'kuidula mozungulira ngati lichero. Kunatsala kuboola pakati, polowa chiuno. Anagoneka pamenepo siketi yanga yakale ya sukulu, n'kubaya pini uku, pini uku, m'mapeto mwa chiuno chake, kuti adule bowo lozungulira lodutsa pa mapiniwo. Ine mtima unali m'mwamba, ndinkangolowa ndi kutuluka.

Nditayeza kuchokera pa pini kufika pa inzake, masamu a kusukulu anandibwerera. Mtunda umenewo katatu, kuwonjezapo kachidutswa, ndiko kuzungulira kwa bowo. Koma siketi yogonekayo inali yopindika pawiri, kutanthauza kuti chiuno changa chinali mtundawo kawiri kokha.

"Achemwali, bowoli likula. Katatu si kawiri."

"Iwe, masamu akowo ukawauze madokotala. Ndinayamba kusoka usanamere mano."

Sizasi inadutsa. M'bowomo tikanalowa ine ndi mwana wawo. Anakwinya chiunocho ndi lasitiki, chinagwira, koma bowo linali litadya utali wa siketi. Mawondo anga anali pamtetete. Ndinapsa mtima mpaka misozi.

Achemwali analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yawo ya chipani, yovinira pamisonkhano, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Ndinachita mantha. Nsalu imeneyo munthu sankaiyandikiza ku sizasi.

"Nkhope sindiikhudza," anatero motsitsa mawu. "Tiye m'nyumba, utseke chitseko."

Anadula m'mphepete, kumwamba ndi kumunsi, n'kulumikiza kumpendero kwa siketi yanga.

Pa mlatho mnyamata wina anandiyang'ana kumiyendo nthawi yaitali. Kenaka anakweza dzanja, lole inapita, ndipo malo a unamwino ndinawapeza.

Nditabwera kutchuthi ndinawapeza amayi a m'mudzi akuyeserera gule, anyamata a chipani ataima pambali. Onse ankavina ataongoka. Achemwali okha ankavina chonjuta, mawondo atapinda, kuti nsalu yawo yodulidwa ija iwaphimbe.