A Isaka ndi Mafunso a Namwino

A Isaka Mfaume a ku Nkholongue ankasema mabwato. Nkhondo itatseka msewu wa ku Lichinga, anayamba kuvutika pokodza, ndipo achibale anawawolotsa nyanja kupita ku Malawi. Kumeneko madokotala anapeza khansa pa kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, nakachotsa.

Anabwera mkodzo ukuyenda bwino, koma mphamvu ya m'nyumba itapita. Akazi awo, a Mariamo, akapachika mikanda yoyera pakhoma, chizindikiro choti mwamuna ndi wolandiridwa kumphasa, a Isaka ankanyamula chofunda kukagona pansi pa mkuyu pomwe ankasemera, ati akulondera nkhwangwa kuti asilikali asabe. Anthu anayamba kunong'ona kuti banja latha.

Madokotala anali atawauza kuti azikaonekera ku chipatala cha ku Metangula. Namwino wake, Hortência, anali mtsikana wa kumwera, msinkhu wa mwana wawo. Anawafunsa bwinobwino ngati thupi limadzuka m'mawa, ndiponso ngati amafikabe kwa akazi awo. A Isaka anangoyang'ana zala zakumapazi. Kwathu kuno nkhani ya kumphasa imadzera kwa ankhoswe, choncho ulendo wotsatira anatumako a Awadhi, nkhoswe yawo.

A Awadhi anayankha mafunso onse molimba mtima, kuti mlamu wawo ndi tambala weniweni.

"Inu mumagona nawo, amalume?" anafunsa Hortência.

A Mariamo atamva, anasiya chinangwa padzuwa, natsogoza amuna awo mpaka kuchipatala. Anauza namwino kuti chibwerere palibe chachitika, koma chowawawa iwo si chimenecho.

"Andisiya ndekha m'nyumba, mfuti zikulira kuphiri. Ine ndinakwatiwa ndi munthu yense, osati mbali imodzi."

Hortência anafotokoza kuti mpeni umakhudza mitsempha, kuti ena amachira patapita chaka, ena sachira, ndipo sangadziwe kumene zikupita ngati mwini wake sanena zoona.

Kenako a Isaka anapempha kuti mafunso ayambirenso, nayankha lililonse ndi pakamwa pawo.

Mwezi uliwonse ankapalasa bwato okha kukayankha, ngakhale mayankho sankasintha kwenikweni. Koma kuyambira tsiku lija ankagona kunyumba, ndipo a Mariamo ankadandaula kuchigayo kuti munthuyo amaliza mkonono.