Dzenje la Trevor

Amene munakwerapo Phiri la Zomba pa galimoto zaka zimene zija, mwina munamuona Fanny. Pakhona lina musanafike kudamu la Mulunguzi, pamene ife ogulitsa zipatso timathamangira galimoto iliyonse ndi timbale m'manja, panali mayi wamfupi amene ankafika pawindo mochedwa nthawi zonse. Sikuti anali waulesi. Kumbuyo anali atabereka mwana wamkulu ndithu, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa mayi ake. Mwanayo ndiye anali Trevor.

Ine ndi Fanny tinkakhala nyumba zoyandikana kunsi kwa phiri, ndipo m'mawa tinkakwera limodzi kukapikula masitiroberi ndi magalagadeya kwa olima a pamwamba. Kwawo kunali ku Songani. Kuno anatsatira mwamuna wake, a Henderson, amene ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini. Bambowo pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo, thupi lonse likununkha utomoni.

Trevor anachedwa pa chilichonse. Anachedwa kulira tsiku lobadwa, anachedwa kulimba khosi, anachedwa kukhala pansi. Anzake obadwa nawo atayamba kuthamangitsa nkhuku, iye anali akudzikhwekhwereza ndi zigongono. Pakamwa pake pankatuluka liwu limodzi lokha, "ma", ndipo limeneli ndi limene ankaitanira mayi ake, phala, ngakhale mphaka wodutsa. Anthu sasowa chonena. Ena ankanong'ona kuti a Henderson anamukhwimira mwanayo kuti alemere, nkhani imene imandiwiritsa mtima mpaka lero. Kulemera kwake kuti? Munthu woyenda ndi nsapato zomanga ndi waya, jekete lake lomwe lija chilimwe ndi dzinja. Ngati kumeneko ndiko kukhwima, ndiye kuti sing'angayo anawapusitsa.

Tikatsika masana, enafe tinkagwera pamphasa kuwongola msana. Fanny ndiye ankatsegula sukulu yake pakhonde. Anali ndi chitini cha mkaka chakale ndi mulu wa zotsekera mabotolo zimene ankatola m'mphepete mwa msewu. Ankamukhazika Trevor pakati pa miyendo yake, n'kumugwiritsa chotsekera chimodzi.

"Tenga, Trevor. Ika umu. Ayi bambo, osati m'kamwa. Umu."

Zambiri zinkagwera pambali. Koma chimodzi chikangolira m'chitinimo, Fanny ankaomba m'manja ngati mwana wasankhidwira kusekondale. Ine ndinkamuselewula ndili pakhonde langa.

"Aphunzitsi, lero akhoza angati?"

"Onse, achemwali. Kalasi yonse yakhoza."

Masitiroberi ophwanyika, amene ogula awakana, ankawaika kumapeto kwa mphasa kuti mwanayo awatsatire yekha. Trevor ankakwawa, kupuma, kukwawanso, ndipo akafika ankalifinya sitiroberilo m'dzanja mpaka lotsala lofika kukamwa linali madzi okha. Nkhope yonse psuu, iye akuseka. Fanny ankamuimbira tinyimbo topeka yekha, topanda mutu, totchula mphuno, khutu ndi chala, uku akumugwira pamene watchulapo. Mawu a Fanny poimba sanali okoma, ndinene zoona, koma mwanayo ankamuyang'ana pakamwa osaphethira.

Ndiye panali dzenje. Kwathu kuno mwana akachedwa kuimirira timamukumbira dzenje, si zachilendo. Umakumba laling'ono, n'kuyalamo chiguduli, n'kumuimikamo kuti dothi limugwirizize pamene miyendo ikuzolowera kusenza thupi. Fanny anakumba lake kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mapichesi, lofika m'chiuno mwa mwanayo. Trevor analikonda kwabasi. Munthu amene moyo wake wonse ankaona dziko atagona chafufumimba kapena ali kumsana, tsopano ankatembenuza mutu yekha kutsatira nkhuku. Mayi ake ankamuyalira zidole zake m'mphepete mwa dzenjelo, zotsekera zija ndi tizipatso touma ta paini, iwo n'kumatsuka mbale chapafupi.

Mwana ngakhale achedwe zina, msinkhu suchedwa. Trevor anatalika, ndipo tsiku lina anapindikira kutsogolo n'kumenyetsa mlomo pansi. Fanny ataona magazi analira kuposa mwiniwake. Madzulo omwewo anatenga khasu n'kulizamitsa dzenjelo. Mwanayo atatalikanso, analizamitsanso, mpaka linkamulekeza m'khwapa. Sanagwenso. Amayi a kumpingo akabwera kudzacheza ankayamikira kuti mwanayo akuimirira nthawi yaitali, ndipo pamalo ponsepo panalibe amene anaonapo cholakwika.

Kenako Fanny anakhala ndi pakati. Ena anamusekerera, koma iye anayamba kukhala chete m'njira. Msana wa mayi ndi umodzi, ndipo wakhanda akabwera wamkulu amatsika. Zimenezi aliyense amadziwa. Vuto linali lakuti Trevor akatsika analibe miyendo yotsikirapo. Amayi tonse a pamalopo tinkakwera phiri, womusiyira masana panalibe, ndipo kusiya geni kunali kugona ndi njala.

"Ayende basi, achemwali," anandiuza tsiku lina tikupuma pamwala. "Ngakhale kuyenda kogwira chitenje changa. Tizifika mochedwa, bola tizifika."

Kuyambira pamenepo sukulu ija inkalowa kawiri. M'mawa tisananyamuke Trevor anali kale m'dzenje, nkhungu ili tolo, atamufunditsa juzi ya bambo ake. Masana chimodzimodzi. Fanny ankagwada movutikira ndi mimba yake kumusisita miyendo ndi mafuta ophikira, n'kumaiuza miyendoyo kuti ifulumire.

Kusikelo ndi kumene anamva za a Rejoice, mayi wa mafizo, wothandiza kulimbitsa ziwalo, amene ankayendera ana otere m'makomo pa njinga yamoto. Anadikira nthawi yaitali, ndipo pamene a Rejoice ankabwera, mimba inali itafika poti munthu sangaone zala za kumapazi. Fanny anasesa pabwalo, anamusambitsa Trevor, n'kuwatengera alendowo kuseri monyadira. Ine ndinatsatira, poti zoona ndi maso sindifuna kuuzidwa.

A Rejoice anayamikira chitini, anayamikira nyimbo. Kenako anagwada, n'kupisa dzanja m'dzenjemo kumugwira mwanayo mawondo. Anakhala nthawi dzanja lili momwemo.

"Amake Trevor, dzenjeli mwakhala mukulizamitsa?"

"Eee. Akatalika ndimawonjezera, kuti asagwe."

"Tapisani dzanja muone."

Fanny anapisa. Mawondo anali opindika, zala za kumapazi zikungokhudza pansi. Mwanayo anali atakolekeka m'khwapa m'mphepete mwa dzenje, matako atatsamira khoma la dothi.

"Nzeru ya dzenje ndi yabwino," anatero a Rejoice motsitsa mawu. "Koma limayenera kumachepa. Mumathiramo dothi pang'onopang'ono, lichoke m'chiuno lifike m'ntchafu, kenako m'mawondo, kuti miyendo izigwira ntchito yokha. Apa chimene chakhala chikuimirira ndi dothi."

"Ndiye kuti zaka zonsezi..." Fanny sanamalize.

"Simunalakwe dala, mayi. Munkamuteteza."

Chisoni chinandigwira. Ndinapsanso mtima, koma womupsera mtima panalibe. A Rejoice ananena zoona, ndipo ananena mwaulemu. Fanny anakumba chifukwa cha chikondi. Nanga ndikanakalipira khasu?

Tsiku lomwelo anayamba kukwirira. Trevor anakana. Dothi likangomulekeza m'chiuno ankapindika ngati nsalu yonyowa, n'kulira mpaka mawu kusasa, akuyang'ana mayi ake modabwa kuti amulakwira chiyani. A Henderson atabwera anamukhomera matabwa awiri otsala kunkhalango kuti azigwirira uku ndi uku, monga a Rejoice analangizira. Atamaliza kukhoma anakhala pachitsa n'kuphimba nkhope ndi chipewa. A Rejoice sanalonjeze kanthu. Anati mwina zitenga zaka, ndipo mwina kuyenda kwenikweni sikudzabwera. Amayi a kumpingo ankamulimbitsa mtima Fanny kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Inde, koma mimba siidekha.

Mwana anabadwa, wamkazi, anamutcha Peace. Fanny anakhala pakhomo mpaka ufa unatha m'thumba, ndipo nthawi imeneyo n'kuti ocheka matabwa atawaimitsa ntchito. Ine ndinayesa kumubereka Trevor pokwera phiri, koma ndine munthu wamkulu, sabata isanathe bondo langa linatupa ngati papaya. Mayi wina analangiza kuti azimutsekera m'nyumba ndi mbale ya phala. Fanny anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Si mbuzi ameneyu," anatero.

Ndiye anayesa yekha: Peace kutsogolo, Trevor kumbuyo, dengu pamutu. Njira yachidule yokwerera phiri ili ndi masamba a paini amene amaterera akanyowa. M'mawa wina Fanny anaterereka. Manja onse anathamangira kutchinga wakhanda, ndipo mutu wa Trevor unagunda chitsa. Linali thudza chabe, koma likanakhala mwala tikanakamba zina. Fanny anakhala pansi pomwepo, ana onse awiri akulira, dengu litagubudukira kumunsi. Madzulo ake anatumiza uthenga kwa mkulu wake, a Phoebe, ku Songani, wopempha kuti amusungireko Trevor.

Ndinawaperekeza, Trevor ali pamiyendo panga m'minibasi. A Phoebe ndi munthu wabwino, anatilandira ndi manja awiri. Koma ali ndi ana awo, dimba lakutali ndi mwamuna wodwaladwala. Fanny anawafotokozera zonse: kuti phala azimugwiritsa supuni yekha ngakhale ataye, kuti azimulankhula ngakhale asayankhe, kuti dzenje likakumbidwa lisapitirire m'ntchafu. Anabwereza za dzenjezo katatu.

"Ndamva, mng'ono wanga, tiyesetsa," a Phoebe ankayankha, maso ali kwa mbuzi zimene zinkayandikira chimanga choyanika. Fanny anawaona masowo ndipo anasiya kufotokoza.

Dzuwa litapendeka tinatsanzika. Trevor anali pamphasa pakhonde. Fanny anawerama, anamuponyera Peace kumsana, n'kutambasula chitenje. Trevor ataona chitenje chikutambasulidwa anadziwa kuti ndi nthawi yonyamuka, ndipo anayamba kukwawa. Anafika pamapazi a mayi ake n'kugwira siketi. Anakoka, anagwira pamwamba pake, anakokanso. Bondo limodzi linachoka pansi, kenako linalo. Mwana uja anaimirira, popanda dothi, popanda thabwa, miyendo ikunjenjemera, nkhope itayang'ana kumsana kumene tsopano kunali mwini wina.

"Ma."

Palibe amene analulutira. Fanny anauma pomwepo, manja ali pamfundo ya chitenje.

"Mwaona, achemwali? Waimirira."

"Ndaona."

Tonse tinkadziwa kuti kuchoka pamenepo kufika poyenda ndi ulendo wautali, ndipo phiri silitsika kudzakumana ndi munthu. Fanny sanamunyamule, komanso sanamukhazike pansi. Anangoima chilili, misozi ikutsika, kudikira mpaka miyendo ija inatopa yokha ndipo mwanayo anatsetserekera pamapazi ake. A Phoebe anamunyamula n'kulowa naye m'nyumba. Kulira kwake kunatiperekeza mpaka pamsewu.

Tili pasiteji, Fanny analankhula osandiyang'ana.

"Mawa adzamuimika ndani?"

Minibasi inafika kondakitala akuitanira a ku Zomba, ndipo tinakwera.