Mbereko m'Nyumba ya Mfumu

Mwana wanga anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi inayi pamene tinapita kukaona nyumba ya mfumu. Amene ankaitchula choncho ndi Anti, mayi wachikulire wa ku Mangochi amene ankakhala kunsi kwathu m'nyumba yosanja ku Scarborough. Kaya munagonapodi mfumu m'menemo, ine sindidziwa mpaka lero. Anti anati anaimanga ndi munthu wina wolemera kalekale, n'kukonzamo chipinda cholandiriramo mafumu a ku Mangalande, ndipo masiku ano anakolekamo zithunzi zojambula pamanja kuti anthu azikaona.

Ine sindinkafuna kupita. Ndinali nditakhala ku Canada miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kutali kumene ndinkafika ndekha kunali ku sitolo ya kuseri kwa nyumba yathu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, Chizungu ndinkangotola mawu apa ndi apo. Koma chimene chinkandimanga miyendo si Chizungu ayi. Tsiku lina tili pa phwando la Amalawi ku Hamilton, amayi tili kukhitchini, mayi wina ananena kuti kuno mwana si wako, ndi wa boma. Ukamumenya, ukamusiya yekha, ukamutaya pagulu, anthu amaimba foni, kenako kumabwera galimoto kudzamutenga. Ena anaseka, ena anavomereza. Ine sindinaseke. Kuyambira tsiku limenelo, tikangotuluka pakhomo, mwana sankachoka kumsana kwanga. Sitolala, ngolo yokankhiramo mwana, imene bambo ake anagula inkangokhala kuseri kwa chitseko, tinkaikamo anyezi.

Loweruka lina m'mawa, bambo a mwana atapita kuntchito, Anti anagogoda atanyamula matikiti awiri aulere a ku laibulale.

"Iwe chemwali, ufuna kufungatira m'nyumba muno ngati nkhuku? Vala, ndabukitsa kale."

"Anti, mwanayu ali ndi kachimfine."

"Chimfine chili ndi amake. Vala."

Kuwakanira munthu wamkulu sindikanatha. Tinakwera basi, kenako sitima ya pansi, n'kusinthira ina pakati pa tauni. Kunali kamphepo kozizira, masamba atafiira. Mwana ndinamuveka jekete ndi tinsapato take tofiira, n'kumubereka pamwamba pa jekete langa, mfundo ziwiri.

Nyumbayo ili pachitunda. Titakwera masitepe ambirimbiri ndinaiona: miyala yokhayokha, nsanja zosongoka, mawindo aatali ngati a tchalitchi. Pakhomo ndinawerama n'kuyamba kumasula nsapato. Kwathu sulowa m'nyumba ya munthu wamkulu ndi nsapato.

"Ukutani?" anatero Anti. "Ine Msilamu amene sindinavule, uvule iwe? Kuno si kumzikiti."

Ndinachita manyazi, n'kumanganso zingwe zija msangamsanga.

M'kati munali tebulo lalitali, ndipo mtsikana wa pamenepo atayang'ana matikiti analoza kumsana kwanga. Analankhula mwaulemu, akumwetulira, koma ine ndinagwira mfundo za mbereko. Anti anamvetsera, anamuyankha, kenako ananditembenukira.

"Akuti muno sabereka kanthu kumsana, kaya chikwama kaya mwana. Akuti ukamatembenuka suona za kumbuyo, ungagunde chithunzi kapena mtsuko. Umunyamule kutsogolo, apo ayi akubwereke sitolala."

"Anti, ine ndinayamba kubereka ana ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sindinagundepo kanthu."

"Nanga ndinalemba ine lamulolo? Masula."

Sitolala ndinaikana, popeza sindinkadziwa kaimitsidwe kake ndipo kutsogolo kunali masitepe. Ndinamasula mfundo zija, n'kupinda chitenje, n'kuchilowetsa m'kachikwama. Msana wanga unazizira pomwepo. Mwana ndinamukhazika pachiuno, ndipo iye ataona kuti dziko lonse lili poyera anayamba kupalapata kuti atsike.

Tinalowa m'chipinda chachikulu chimene denga lake linali kutali ngati mitambo. Pansi pankawala, mwakuti ndinkayenda monyang'ama. Kumakoma kunali nkhope za anthu akale: amuna a ndevu ovala mendulo, akazi a makosi oyera, agalu, mahatchi. Maso awo ankanditsata. Pangodya panaima munthu wachitsulo, wopanda nkhope, atagwira nthungo. Anti anati ndi zovala za nkhondo chabe, mulibe munthu, koma ine ndinadutsira patali. Pakhomo lililonse panaima mlonda wovala zakuda, wailesi ili paphewa. Paliponse panali zingwe zofiira zotchinga, ndi timapepala tolembedwa tilembo ting'onoting'ono timene sindikanatha kuwerenga. Ndinkangoganiza kuti lililonse la timapepalato ndi lamulo, ndipo mwina ena ndawaphwanya kale.

Anti anali pa chisangalalo. Ankaima pa chithunzi chilichonse n'kupereka ndemanga.

"Taona mayi uyu, ndolo mbwee, koma nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo. Mwamuna wake ankayendayenda ameneyu."

Tinakwera m'mwamba. Mkono wanga unali utachita dzanzi, chifukwa mwana wa pachiuno amalemera kuposa wa kumsana. Titafika pa chithunzi cha mayi wina wovala chisoti chachifumu, Anti anakonza mpango wawo n'kundipatsa foni.

"Undijambule apa, akaone kumudzi kuti mafumu tilipo awiri."

Foni imafuna manja awiri. Ndinatsitsa mwana n'kumupanikiza pakati pa miyendo yanga. Ndinadina kamodzi. Anti anati ndibwerezenso chifukwa anaphethira, koma foni ija inazima n'kuyamba kufuna nambala. Anabwera, tonse n'kuweramira pa foni, iwo akulakwitsa nambala yawo yomwe n'kumaseka. Sindikhulupirira kuti panatha ngakhale mphindi imodzi. Nditayang'ana pansi, pakati pa miyendo yanga panalibe kanthu.

Kwathu ndikanakuwa. Ndikanaitana dzina lake mpaka mudzi wonse n'kutuluka kudzandithandiza. Pakamwa ndinatseguladi, koma ndinaona mlonda pakhomo, n'kukumbukira mawu a mayi wa ku Hamilton aja. Ndikakuwa, onse adziwa kuti ndataya mwana pagulu. Dzina lija linatuluka ngati mpweya chabe.

"Anti, mwana."

Anti anasiya kuseka. "Iwe pita uku, ine uku. Usathamange."

Chipindacho chinali ndi makomo atatu. Ndinalowa la kumanja, ndikuyang'ana pansi pa matebulo ndi kuseri kwa miyendo ya anthu. Ndinkanong'ona dzina lake, ndikumwetulira aliyense amene wandiyang'ana kuti asandiganizire kanthu. Ndinakumbukira masitepe aatali aja, ndi mawindo, ndi munthu wachitsulo ndi nthungo yake.

Kenako kunalira kabelu, kakuthwa, kosalekeza. Anthu onse anatembenukira khomo limodzi, ine n'kulondola komweko.

Chinali chipinda cha mafumu chija. Munali bedi lalikulu la nsalu zolendewera, ndipo pambali pake panali mpando wa miyendo yagolide. Chingwe chofiira chinatchinga kuchokera kukhoma mpaka kukhoma. Mwana wanga anali atadutsa kunsi kwa chingwecho. Anali atakwera pampando uja n'kukhala bwinobwino, miyendo ili tambalale, akusisita nsalu yake ndi tizala.

"Mama, pando!" anatero atandiona.

Anthu ena anaseka. Ena anakweza mafoni, ndipo ine ndinati basi, akuimbira boma. Mlonda wamtali wa imvi anali atafika kale pa chingwe, akulankhula ndi wailesi ya paphewa. Ndinaima pamenepo osadziwa chochita. Ndikadumpha chingwe, mlandu uwonjezeka. Ndikapanda kudumpha, ayamba ndi iyeyo kumugwira mwanayo, ndipo akangomunyamula ndani adzandibwezere?

Thupi linachita zimene linaphunzira kwathu. Ndinagwada pansi pamaso pa mlonda uja, mawondo onse awiri, n'kuyamba kuwomba m'manja mofatsa monga timachitira popepesa kwa akuluakulu.

"Pepani bwana. Pepani. Wolakwa ndine, mwanayu sadziwa kanthu. Musanditengere, ndi mmodzi yekhayu."

Zonsezi ndinkanena m'Chichewa. Kuseka kuja kunatha, m'chipinda monse munangoti zii, kupatula kabelu kaja. Mlonda anabwerera m'mbuyo ngati ndamuthira madzi. Anayang'ana uku ndi uku, kenako nayenso anagwada bondo limodzi kuti nkhope zathu zilingane. Analankhula mawu angapo, ndipo ndinatolapo amodzi okha, akuti "okei". Atatero anadzuka, anakolola chingwe chija pa kachitsulo kake, n'kundilozera mwana ndi dzanja lotambasula. Iye sanamukhudze.

Ndinalowa chowerama, n'kumukwatula pampando paja. Analira pofuna mpando wake. Ndinamufinya pachifuwa mwakuti ndinkamva kamtima kake kakugunda pa wanga.

Anti anafika ali wefuwefu, mpango utapendekeka. Kunabweranso mayi wina wovala magolovesi oyera, amene anayang'ana mpando uja ndi katochi, pamwamba ndi pansi pomwe. Kabelu kanasiya. Mlonda anatulutsa kabuku n'kufunsa funso, Anti n'kuyankha, iye n'kulemba.

"Anti, mwamupatsa dzina?"

"Wafunsa zaka za mwana basi."

"Nanga akulemba chiyani chonsecho?"

"Nthawi imene belu lalira. Khala chete ndimuuze zoona ameneyu."

Ndiye Anti anayamba, Chizungu chawo chosakaniza ndi Chiyao, chala chikuloza kumsana kwanga, kenako pansi kumene kunali tebulo lija. Ndinadziwa zimene ankanena: mwanayu anabwera ali womangidwa bwinobwino, mwamumasulitsa ndinu. Ndinawakoka malaya kuti asiye, poopa kuti awonjezera moto, koma Anti akayamba sagwirika.

Ine manja anga anali atalowa kale m'kachikwama. Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Ndinawerama pomwepo, pamaso pa mlonda ndi mayi wa magolovesi ndi bedi la mafumu, n'kuponya mwana kumsana, n'kukunga chitenje. Mfundo yoyamba inandipulumuka. Ndinamanga zitatu. Mwana anangoti mutu khwithi pakati pa mapewa anga, kulira n'kutha.

Mlonda anayang'ana mfundozo, anayang'ana mayi wa magolovesi, kenako ananena kanthu kwa Anti.

"Akuti bwanji?"

"Akuti usamasule. Iyeyo aziyenda kumbuyo kwako, akhale maso a kumsana."

Sindinakhulupirire. Ndinati ameneyu akutiperekeza ku ofesi, ndipo Anti akundibisira kuti ndisagwe. Tinadutsa zipinda zina zitatu, nsapato zake zikumveka kumbuyo kwanga, go, go, go. Anti ankayesa kundionetsa zithunzi, koma ine sindinaonepo chilichonse. Khomo lililonse lotseka limene tinkaliyandikira ndinkati ndi lomweli. Dzanja langa limodzi linali kumbuyo, litagwira kamwendo ka mwana.

Tinatsika masitepe, tinadutsa munthu wachitsulo uja, tinadutsa tebulo la matikiti. Mlonda anatsogola n'kukankha chitseko chachikulu. Kunja kunali mphepo ndi dzuwa, ndi basi ya alendo ikutsitsa anthu. Anaweramira mwana n'kumubayibitsa ndi zala ziwiri, mwana naye n'kubayibitsa. Basi, anabwerera m'kati.

Ndinatsika chitunda chija osacheuka. Mu sitima Anti anati, "Koma chemwali, kugwada kuja! Mzungu mpaka kugwada naye. Ukanapitiriza akanakupatsa ndi mpando womwe." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinayesa kuseka, koma m'malo mwake misozi inangoyamba kutsika, ndipo Anti anandigwira bondo mpaka tinafika.

Bambo a mwana sindinawauze. Kwa masabata awiri, chikepe chikaima pa nsanjika yathu ndinkasiya chilichonse n'kumvetsera mapazi. Galimoto yoyera ikaima pansi ndinkasuzumira pa katani, mwana ali kumsana ngakhale tili m'nyumba. Kalata iliyonse yobwera ndinkapita nayo kwa Anti kuti andiwerengere bambo ake asanaione. Zonse zinali za magetsi ndi za malonda. Tsiku lina Anti anatopa nane.

"Kodi boma ukuliyesa lilibe ntchito? Anthu amene amalandidwa ana ndi ozunza ana. Iwe mwana wako anangokhala pampando."

Palibe anabwera. Mwanayo pano ali kusukulu ya mkaka, ndipo ndimamuperekeza ndekha pa basi, atagwira dzanja langa.

Chithunzi chimene ndinawajambula Anti tsiku lija anachitumizadi kumudzi, ngakhale anali ataphethira. Ananditumiziranso ine. Anti aima monyadira pafupi ndi mayi wa chisoti, maso ali otseka. Kumbuyo kwawo kuli galasi lalitali la pakhoma, ndipo m'galasimo mukuoneka ine, nkhope itabisika ndi foni. Pansi, pakati pa miyendo yanga, kamutu katatulukira kale, ndipo kansapato kofiira kamodzi kali m'malere, kakuloza kukhomo.