Kumbuyo kwa Amalume Evelio Sikuyenda Munthu

Kwathu kuno ku Chía amalume Evelio, omwe timawatcha Tsache, amadziwika ndi aliyense, ngakhale agalu. Mukangofunsa kuti "Tsache amakhala pati?" akulozerani geti lobiriwira lija. Ndi achimwene awo a mayi anga, oyamba kubadwa, pomwe mayi ndi chitsirizira, ndiye anthu ambiri amayesa ndi agogo anga. Ine sinditsutsa, zimandikomera.

Anabadwira kumapiri a ku Boyacá, ndipo amati njinga anaidziwa asanavalepo nsapato. Ankatsika phiri ndi zigubu ziwiri za mkaka, mabuleki kulibe, kuima kwake kunali kuponda tayala ndi chidendene! Kenako anabwera kuno n'kugwira ntchito m'minda ya maluwa zaka makumi atatu. Maluwa awo ankakwera ndege tsiku ndi tsiku, eni ake sanaikwerepo. Manja awo ndi zipsera za minga zokhazokha. Koma miyendoyo, mayo ine! Akatumba ngati mbatata.

Lamulungu lililonse m'mawa gulu lathu la opalasa njinga limakumana pa mlatho wa mtsinje wa Frío. Timadzitcha Akamba. Timatsata mtsinje, kudutsa madimba ndi ng'ombe, kenako kukwera m'nkhalango ya bulugamu n'kukatsikira tsidya lina, komwe mayi wina amawotcha ma arepa, timikate ta chimanga totentha moto. Abale inu, kafungo ka bulugamu nkhungu isanachoke! Tsiku loyamba ndinkangokuwa ngati wamisala njira yonse.

Kutsogolo kumakhala a Wilmer, ometa tsitsi, ndi kanjinga kawo kopepuka koti unganyamule ndi chala. Kumbuyo kwenikweni kumakhala Tsache, wosesa otsalira. Amanyamula chikwama cha zigamba, guluu, pampu, masipanala ndi maswiti a magwafa okulunga m'masamba. Lamulo lake ndi limodzi: Tsache sapitirira munthu, ndipo kumbuyo kwa Tsache sikuyenda munthu. Ukatopa, amachepetsa nawe. Ukatsika n'kumakankha, nayenso amatsika. Amalume anagwira ntchito imeneyi ine ndisanabadwe, mayi asanakwatiwe n'komwe.

"Madala, lero mufika dzuwa lisanalowe?" a Wilmer ankawayamba dala.

"Iwe Wilmer, magiya makumi awiri koma kumata chigamba sudziwa. Tsogola, ndikupeza ukulira."

"Njinga yanuyo ikufunika penshoni!"

"Penshoni ikufunika lumo lako. Taona mutu wa mwana uyu, ngati wadyedwa ndi mbuzi."

Mutu wake unali wanga! Ndinaseka mpaka kugwera mu udzu.

Ndiye Lamulungu lina tayala langa linaphwa m'kati mwa nkhalango. Gulu linapitirira, monga mwa nthawi zonse, poti Tsache alipo. Amalume anamata chigamba msangamsanga, akuimba kaluzu. Tinanyamuka n'kufika pamphambano ya njira zitatu, pamene pali mtengo wopsa ndi mphezi. Ndinamva mabuleki awo kumbuyo kwanga.

"Marleny, apa tikhotere kuti?"

Ndinaseka. "Amalume, ndine Yurany. Marleny ndi mayi anga, ali kunyumba akuchapa."

Iwo sanaseke. Ankayang'ana njira iyi, n'kuyang'ana iyo, ngati munthu amene wangotsika basi m'tauni yachilendo. Njira yoti aidutsa kambirimbiri, mbali ina anailambula okha ndi chikwanje!

"Kumanzere, amalume," ndinatero motsitsa mawu.

"Eya, kumanzere. Ndimakuyesa."

Titayenda pang'ono anandiitananso. Anatulutsa siwiti ya magwafa n'kundipatsa.

"Mwana wanga, usakawauze azakhali ako. Akamva, njinga iyi aimanga ndi loko. Ndiye ine Lamulungu ndizitani? Ndizisenda mbatata?"

Ndinalonjeza. Ndikanatani?

Masabata atatu ndinasunga chinsinsi. Ndinkanamizira kutopa kuti ndizikhala patsogolo pawo penipeni, tikafika pamphambano n'kukhota msanga kuti aone. A Wilmer anayamba kundinena. "Yurany, wayamba chibwenzi eti? Miyendo yathera kuti?"

Sabata yachinayi ndi imene ndinalakwa. Kunacha bwino kwabasi, nthaka youma gwa, miyendo yanga ikungoyabwa. Pachitunda a Wilmer anati, "Amene andipitirire lero ndimumeta ulere chaka chonse." Ine ndinangomva magazi akuwira. Ndinapalasa, ndinapalasa, mitengo ikungothawira kumbuyo, fumbi m'mano, ndipo ndinawapitirira! Ine! Ndinafika woyamba pa ma arepa, ndikuvina njinga ili m'manja. Za amalume sizinandibwerere n'kamodzi komwe.

Anthu anafika mmodzimmodzi, tinadya, tinaseka. Mayi wa ma arepa anathira khofi wa amalume m'kapu yawo yachitsulo n'kuika pambali, monga amachitira. Patapita nthawi anaikhudza kapu ija.

"Khofi wazizira uyu. Kodi Tsache ali kuti?"

Palibe amene anacheukapo njira yonse. Ungacheukirenji? M'gulu lathu munthu sayang'ana kumbuyo, chifukwa kumbuyo kuli a Evelio.

Ine ndi a Wilmer tinabwerera, chitunda chonse chija. Tisanafike tinakumana ndi bambo wina akuyenda ndi galu.

"Mukufuna mkulu wa chikwama? Ali pamtengo wopsa. Ndadutsa kawiri, akungochotsa tcheni n'kubwezera, kuchotsa n'kubwezera. Ndawafunsa ngati akufuna thandizo, akuti ayi, ali bwinobwino."

Tinawapezadi pomwepo. Njinga yagadama, matayala m'mwamba, manja akuda bii ndi girisi mpaka m'zigongono. Sankadziwa kolowera, koma kufunsa njira kwa munthu wodutsa, iwo Tsache, sakanatha.

"Tcheni yavuta," anatero osatiyang'ana.

A Wilmer anagwada n'kuiyang'ana. Tcheni inalibe vuto lililonse, ngakhale ine ndinaona. Ndinadikira kuti anena zachipongwe zawo zija, koma anangoti, "Yavutadi, madala. Matcheni a masiku ano ndi achabechabe." Anaibwezera okha, n'kudzipaka girisi pa jezi yawo yoyera ija.

Tsiku lomwelo ndinakaulula kwa azakhali Nohemí, akazi awo a amalume. Ndinalira mpaka mamina. Ankasankha nyemba, ndipo sanasiye.

"Pukuta mphuno. Ukuyesa sindikudziwa? Mwezi watha ndapeza sipanala mufiriji. Dzana anandifunsa ngati mayi awo adya, mayi oti tinaika kalekale."

"Nanga osanena bwanji?"

"Iwe unanena?"

Kuchipatala anati ndi matenda oiwala, ndipo sachizika, amangopitirira. Adokotala anati kupalasa si koipa, bola asamakhale okha, pazikhala munthu kumbuyo kwawo wowayang'anira. Azakhali atamva zimenezo anangopukusa mutu.

Gulu linapangana amalume palibe. Azibwerabe, azinyamulabe chikwama, azitchedwabe Tsache. Koma ine ndizinyamuka mochedwa pang'ono n'kumabwera kumbuyo kwawo chapatali, mwakachetechete. Ndinasangalala bwanji! Ndinkaona ngati tapeza nzeru yoposa adokotala. Ndinathira mafuta paliponse kuti njinga yanga isalire.

Sitinafike n'komwe kunkhalango. Tili m'mbali mwa mtsinje, pamadimba, anatukula dzanja osacheuka n'kulikupiza.

"Dutsa, mwana."

Ndinakhala ngati sindinamve. Anachepetsa. Nane ndinachepetsa. Anachepetsanso, nane chimodzimodzi, mpaka njinga zonse ziwiri zikungogwedezeka ngati zaledzera. Ng'ombe zinasiya kudya n'kumatiyang'ana. Tsiku lina zikanakhala zoseketsa.

Anaponda pansi n'kutembenuka.

"Yurany, ndati dutsa."

Dzina langa analikhoza tsiku limenelo. Bola akanalakwitsa.

"Ndatopa, amalume. Tsogolani."

"Ukatopa ndiye ukhale patsogolo panga. Lamulo sukulidziwa?"

"Ndikulidziwa."

"Wakutuma ndani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kutsogolo, komwe gulu lonse linali litaima pansi pa mitengo, aliyense atacheuka. Anthu khumi ndi asanu, onse maso kumbuyo. Chiyambire sanaonepo nkhope zathu ali panjira, ankangoona misana.

A Wilmer anabwerera akupalasa pang'onopang'ono.

"Madala, bwerani pakati lero. Pakati pali nkhani zokoma, inu mumaphonya miseche yonse."

"Pakati ndi pa ana ndi odwala."

"Ndiye tsogolani! Ine ndatopa ndi mphepo."

"Nditsogole ndikusocheretseni nonse?"

Amalume anavula chikwama, n'kuchigwira kanthawi, kenako anachipachika pa mahandulo a njinga ya a Wilmer.

"Guluu watsala pang'ono. Ndipo uphunzire kumata chigamba, usamachititse manyazi."

"Madala, musatero..."

"Pitani, dzuwa likukwera."

Anatembenuza njinga n'kuyamba kuikankha kulowera kunyumba. Sanakwere. Ndinatsika nane n'kumakankha pambali pawo, osati kumbuyo. Njira yonse sanayankhule, kupatula pamlatho, pamene anandiuza kuti chishalo changa chatsika kwambiri, ndipweteka maondo.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Kumtsinje sanapitenso. Tinawachonderera, a Wilmer anabwera katatu konse, mpaka anawameta pakhonde, koma ayi. Masiku ena amandidziwa, masiku ena ndine Marleny, ndipo ndinasiya kuwakonza. Akandifunsa ngati ndamwetsa ng'ombe ndimangoti eya.

Loko uja azakhali sanagule n'komwe. Njinga imangokhala pakhonde, yotsamira khoma. Loweruka lililonse amalume amaitulutsa pabwalo, kuipukuta sipoko imodziimodzi, kenako amatsina matayala n'kupeza aphwa. Amadandaula kuti machubu a masiku ano ndi achabechabe, n'kutenga pampu. Amapopa mosamala, akuwerenga chapansipansi, ndipo akamaliza nkhope yawo imawala kwa kanthawi.

Ndinkadabwa kuti matayala osayenda amaphwa bwanji sabata iliyonse, mpaka Lachisanu lina masana ndinawapeza azakhali atagwada pakhonde, akutulutsa mpweya ndi kamtengo ka machesi. Atandiona anaika chala pakamwa.

"Gwira tayala lakumbuyolo," anandinong'oneza. "Maondo anga akupweteka."