AMphuno ndi Mgolo Wachinayi

Pakampani ina yaing'ono yofulula mowa panali amayi ena amene dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akuofesi okha. Ena onse ankangoti aMphuno. Anayamba ntchito yotsuka mabotolo ali ndi mwana kumsana, ndipo zaka makumi awiri zinatha akutsukabe, mpaka zala zinachita makwinya osachoka. Dzinalo analipata chifukwa akangonunkhiza mgolo wopanda kanthu ankanena ngati uli bwino kapena wayamba nkhungu, ndipo sankaphonya.

Kunyumba ndiye kunali nkhondo. Amuna awo atamwalira, alamu awo ankabwera Lamlungu lililonse kudzawalalikira kuti mzimayi wolongosoka sanunkha mowa m'basi.

"Alamu," ankayankha aMphuno, "fungo limeneli ndi limene laphunzitsa ana a achimwene anu. Likakusowetsani mtendere, khalani kumene kukuchokera mphepo."

Chaka china mwini kampani, mkulu wosalankhulalankhula, anafulula mowa waukali wotchedwa IPA. Anathiramo hopusi wochuluka kawiri kuposa masiku onse, tizitsamba tija timapatsa mowa kuwawa ndi fungo. Kenako anauthira m'migolo inayi ya matabwa a oki, nalamula kuti pasapezeke woukhudza mpaka miyezi khumi. Mwezi wachisanu ndi chimodzi mkuluyo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo kampani inagwera m'manja mwa mwana wake, mnyamata wa masuti amene antchito ankamutchula kuti Bwana Wamng'ono.

Tsiku lolawa litafika, anaika tebulo m'chipinda chozizira. Panali Bwana Wamng'ono ndi eni mabala awiri. AMphuno anaitanidwa kudzabweretsa matambula basi.

Bwanayo anamwa kamodzi, nkhope n'kukwinyika ngati waponda msomali.

"Uwu ndi mowa kapena mankhwala a malungo? Angagule ndani? Tithiramo shuga tisanaike m'mabotolo."

Eni mabala anagwedeza mitu, poti mlendo satsutsa mwini nyumba. AMphuno anatula thireyi, n'kutenga tambula imodzi, n'kudzithirira okha.

Mowawo unali wofiirira ngati uchi wakale, thovu lake lochepa koma lomata m'mbali mwa tambula. Anaununkhiza kaye. Kunabwera fungo la makoko a lalanje, kumbuyo kwake utomoni wa paini, ndipo pansi penipeni fungo la thabwa longopalidwa kumene. Atamwa, kuwawa kunagwira lilime lonse mpaka m'nsagwada. Sanameze msanga. Anadikira. Kuwawako kutayamba kutsika, kunatulukira kutsekemera kwapatali ngati shuga wopserera pang'ono, kenako kutentha kunayenda pakhosi mpaka pachifuwa. Maso awo analengeza misozi, koma sanakhosomole.

"Mowawu ulibe mlandu, bwana," anatero. "Mwaumeza ngati mukuthamangira basi. Umafuna munthu woudikira."

Mmodzi wa eni mabala anaseka, n'kubisa pakamwa.

"Amayi, ntchito yanu ndi mabotolo," anatero Bwana Wamng'ono.

"Eya, ndi mabotolo. N'chifukwa chake ndikukuuzani. Mowawu ukadali wamoyo. Mukaupatsa shuga uyambiranso kuwira uli m'botolo, ndipo botolo silitambasuka ngati mimba."

"Munaphunzira kuti zimenezo?"

"Pamene inu munkaphunzira kuyenda, pansi pomwe mwaimapo."

Bwanayo anaitana antchito kuti ayambe kukhuthula migolo n'kumathira shuga m'mowawo. Anakhuthula woyamba, wachiwiri, wachitatu. Atafika pa wachinayi anapeza aMphuno atakhalapo, miyendo ili lendelende, majombo akugunda thabwa.

"Uwu wokha ayi. Mukafuna, muyambe mwathira shugayo ine."

Panalibe wolimba mtima kuwanyamula, poti ambiri mwa antchitowo anawaphunzitsa ntchito ndi iwo omwewo. Bwana Wamng'ono anatuluka thukuta m'chipinda chozizira.

"Usiyeni! Ukawola adzamwa okha. Ndipo amayi, mukakhale kunyumba milungu itatu, mukaganize bwino."

Anapitadi. Anachapa makatani, anabzala anyezi kuseri kwa nyumba, ndipo alamu awo atabwera kudzanena kuti Mulungu wayankha, anawapatsa khasu.

Mlungu wachitatu usanathe, masana dzuwa likuswa mtengo, dalaivala wa kampani anaima pakhomo pawo. Anati m'nyumba yosungira katundu mukumveka ngati nkhondo. Mabotolo akuphulika okha, limodzi likayamba anzake n'kumayankha.

AMphuno sanathamange. Anamaliza kuthirira anyezi, n'kuvala majombo.

Anapeza thovu likuyenderera mpaka pakhomo, magalasi ali mbwee, ntchentche zikuchita phwando. Bwana Wamng'ono anali ataima pakati, thalauzi itanyowa mpaka m'mawondo.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "tithandizeni kukonza muno."

"Tsache lili kuseri kwa chitseko, bwana. Mugwire chakumunsi, msana usapweteke."

Anamudutsa, n'kukalowa m'chipinda chozizira kukatsuka mabotolo a mgolo wachinayi. Mabotolowo anakwana mazana awiri okha, ndipo anagulidwa onse pamlungu umodzi. Mwini bala uja anaseka tsiku lolawa anabweranso kudzapempha ena, n'kubwerera chimanjamanja.

Udindo sanawakweze, ndipo iwo sanapemphe. Bwana Wamng'ono anasesa masiku awiri. Matuza a m'manja mwake anatenga mwezi kuti apole.